Kagalaja ka ku Croydon kamene kanandiletsa kuchotsa injini ya Peugeot 504

Peugeot 504 yanga ndi ya 1982, mtundu womwewo umene bambo anga ankayendetsa ku Zomba tili ana. Ndinaigula kuno ku London mtima utangoigwera, za utsi osaziganiza n'komwe. Kenaka pa 29 Ogasiti 2023 ULEZ, ndondomeko ija yolipiritsa galimoto zotulutsa utsi wambiri mu London, inakulitsidwa mpaka kufika kuno ku Croydon. Galimoto ya petulo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 4 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Ndinati basi, injini yakaleyi ichoke, ilowe yamakono.

Ndinapita nayo ku kagalaja kena ka galimoto zakale. Amakaniko ake, bambo achikulire ndithu, boneti sanatsegule. Anayamba aitanitsa V5C, imene kwathu timati buluubuku. Ataona chaka anaseka, n'kundiuza kuti ndimafuna kutaya ndalama pa vuto limene ndilibe. Galimoto yopangidwa isanafike Januwale 1983 inali itayenera kale kulowa m'gulu la galimoto zakale kuyambira pa 1 Epulo 2023, chifukwa inakwanitsa zaka 40. Ikalembedwa m'gululi msonkho wa pamsewu sulipira, ULEZ siikukhudza. Koma sizichitika zokha ayi, umayenera kukapempha. Anandidzazira fomu ya V112, yonena kuti galimotoyi sikufunika MOT, ndipo ndinakapereka ndekha ku positi ofesi pamodzi ndi V5C. MOT ndi ngati COF ya kwathu ija.

Chimene chinandigwetsa mphwayi pa za injini n'chakuti galimoto imene yasinthidwa kwambiri m'zaka 30 zapitazi siimasulidwa ku MOT, ndipo kuika injini ya mtundu wina kumawerengedwa ngati kusintha koteroko. Galaja ina ikanangolandira ntchitoyo, ine n'kudzalira patsogolo.

Anandiumiriza ndithu kuti ngakhale lamulo landimasula, chaka chilichonse galimoto izipimidwabe. Poyamba ndinaona ngati akusaka kasitomala, mpaka atandionetsa dzimbiri limene linadya paipi ya mabuleki kunsi.

Pamene andikhumudwitsa ndi pa nthawi. Mabuleki okhawo anatenga masabata atatu, ati zipangizo zikuchokera ku France, ndipo foni yawo imangolira osayankhidwa. Kuti umve pamene ntchito yafika, uyenera kupita wekha ukaime pakhomo. Mtengonso si wachibale. Komabe 504 imeneyi sinditengera kwina. Mwezi wamawa ikubwereranso komweko, giya yachiwiri yayamba kukukuta.