Nibu ya golide ya Mabie Todd nambala 4 ndi mpini wake

Nibuyi ndi yoviika mu inki, yodindidwa "Mabie Todd & Co New York" ndi nambala 4 yosonyeza kukula kwake, ndipo yabwera pa mpini wa chigoba cha nkhono ya m'nyanja, chomwe ogulitsa amati mother of pearl. Kampaniyi idayamba mu 1860, koma chidindo chokha sichingakuuzeni chaka chimene nibu idasulidwa.

Kalembedwe kake nkosangalatsa. Pokweza dzanja imatulutsa mzere wowonda ngati tsitsi, potsitsa mano ake awiri amatanuka kenako nkubwerera okha msangamsanga. Musaikakamize mpaka mano kutanuka kudutsa mamilimita 1.5. Golide akapindika mopyola, mano amatsala yasa, inki osatsikanso.

Mtengo wonse wa nibu yotereyi uli kunsonga. Golide ndi wofewa, pepala limamudya, nchifukwa chake amawotchererako kanjere kolimba ka chitsulo cha iridium, luso lomwe John Isaac Hawkins adalikhoza ku London mu 1834. Musanalipire, yang'anani ndi galasi lokulitsa ka 10 ngati kanjereko kalipo pa mano onse awiri. Kakathothoka mbali imodzi nibu imakanda ndi kuthovola inki, ndipo kukabwezeretsa kumatha kudula kuposa nibuyo. Pa nibu iyi tinjere tonse tiwiri tilipo, kakumanzere kokha ndi kodyeka pang'ono. Muiunikenso pa kuwala pamene pathera mpata wa mano: palibe kabowo kopumira, choncho mng'alu umakonda kuyambira pamenepo.

Mpini ndiwo wakhumudwitsako. Khosi lake ndi lamkuwa wokutidwa ndi golide, ndipo wina adalipukuta kwambiri mpaka mkuwa ukuoneka m'mphepete. Limagwiranso nibu molekerera, zimene wogulitsa sadatchule. Brasso musamuyandikize, ndipo viniga amadya chigobacho. Kansalu kofewa kouma nkokwanira.

Potsuka, zulani nibu molunjika osaipotokola, muitsuke m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi dontho limodzi la sopo, muiumitse musanaibwezere. Madzi akalowa m'khosi, mkuwa umachita zobiriwira. Inki ya Pelikan 4001 ikuyenda bwino. India ink, ija yokhala ndi utomoni wa shellac, imauma gwa pakati pa mano.

Manambala asakupusitseni: 4 ya Mabie Todd siifanana ndi 4 ya makampani ena monga Aikin Lambert kapena Fairchild. Pogula nibu yopanda mpini, funsani utali ndi mulifupi wa tsinde lake m'mamilimita.