Miyezi khumi ndi boti la nyambo lokonda kukhotera kumanzere

Mu Seputembala chaka chatha ndinalemba mawu oyamikira boti langa loyendera rimoti, lija lonyamula nyambo, nditangoliponya m'madzi kawiri kokha. Ndinati limayenda mowongoka ndipo silivuta. Pano tili mu Julayi, ndipo ena mwa mawu aja ndikuwabweza. Boti lilipo, likugwirabe ntchito, koma landiphunzitsa kuwotcherera mawaya, luso lomwe sindinkadziwa kuti limayenderana ndi kuwedza.

Kwa amene simunalione, ndi la pulasitiki, lotalika pafupifupi theka la mita, lili ndi zipinda ziwiri za nyambo, mota ziwiri zamabulashi za saizi ya 390, batire la 7.4V ndi rimoti ya 2.4GHz. Chiwongolero lilibe. Limakhota mota imodzi ikathamanga kuposa inzake, ndipo kuti liwongoke zonse ziwiri ziyenera kukoka mofanana. Zili ngati anthu awiri opalasa bwato, wina mbali iyi wina mbali iyo: wa kumanzere akatopa, bwato limalowera kumanzere komweko. Nkhani yonse ya miyezi khumiyi yagona pamenepa.

Ine ndimakhala ku Pretoria ndipo ndimawedza nsomba za carp ku damu la Roodeplaat, nthawi zina ku Hartbeespoort. Madamu onse awiri ali ndi namasupuni, yemwe uja timamuona akuyandama mu Shire pa Liwonde. Miyezi itatu yoyamba boti linkadutsa m'mipata yake popanda chovuta. Mu Disembala linayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono. Pa rimoti pali kabatani ka trim, kowongolera boti likamakhota lokha. Ndinakadina kawiri, boti n'kuwongoka, ine n'kuiwala. Sabata yotsatira ndinadinanso. Pofika Januwale kabatani kanali katafika pothera, boti likuyenda mwaulesi, batire likutha ulendo usanathe. Trim sichiza kanthu, anzanga. Imangobweza mota yamphamvu kuti ifanane ndi yodwalayo, matenda n'kumakulira m'kati.

Nditamasula pulopela ya kumanzere ndinapeza chingwe cha mbedza cha nayiloni, cha munthu wina amene anachitaya m'madzi, chitadzikulunga pa shafuti pamodzi ndi mizu ya namasupuni yakuda ngati tsitsi. Ukayang'ana kunja sichinkaoneka n'komwe. Chinali chitamangana n'kukhala ngati mphete yolimba, moti ndinachita kuchidula ndi lezala. Nditachotsa, boti linayenda bwino, ndipo ndinaganiza kuti mlandu watha. Chomwe sindinaone n'chakuti chingwecho chinali chitacheka kalabala kotsekera madzi pomwe shafuti imatulukira. Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse ndinkapeza madzi okwana supuni imodzi kapena ziwiri m'kati. Ndinkangopukuta ndi kansalu n'kutseka.

Vuto lenileni linabwera mu Malichi, ndipo linali la mtundu wina. Ndikakankha ndodo ya rimoti pang'ono, mota ya kumanja inkadzuka nthawi yomweyo, ya kumanzere ili zii. Inkayamba mochedwa, boti litatembenuka kale mphuno. Kwa munthu wofuna kutsitsa nyambo pamalo enieni omwe wasankha, zimenezi zimapweteka mtima, chifukwa poyandikira pamalopo m'pamene umafuna kuyenda pang'onopang'ono. Chodabwitsa, ndikalinyamula m'manja n'kutsegula moto wonse, mapulopela onse ankazungulira ngati palibe cholakwika. Batire likamatsika, kusiyana kuja kunkakula.

Safunsa anadya phula. Ndinangogamula ndekha kuti mota yatha mabulashi, ndinaitanitsa yatsopano imodzi, n'kuimanga. Vuto lili pomwepo.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wa kwathu ku Mangochi yemwe amakonza mafoni ndi mawailesi kuno. Atamva nkhani yanga anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, mwagula mankhwala musanayezetse. Tasinthanitsani mapulagi tione." Anazula pulagi ya mota ya kumanzere n'kuilowetsa m'malo mwa ya kumanja, ya kumanja n'kuipititsa kumanzere. Nzeru yake ndi yapafupi. Ulesi ukatsalira pa mota yomweyo, ndiye kuti vuto lili mu mota, shafuti kapena pulopela yake. Ukasamukira ku mota inayo, vuto lili kumbuyo, ku mawaya kapena ku ESC, kachipangizo komwe kamagawira mota mphamvu monga rimoti yalamulira. Titakankha ndodo, ulesi unasamuka. Mota ya kumanja, yomwe sinandivutepo, ndiyo inayamba kuzengereza. Mota yanga yakale ija inalibe mlandu.

Kenaka tinabwezera mapulagi m'malo mwake, tinadzaza bafa ndi madzi, ine n'kugwira boti kuti lisathawe, iye n'kumayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa miyendo ya mota iliyonse, tizitsulo tolumikizapo mawaya. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake kuyesera m'manja kunkandinamiza. Pulopela ikamazungulira mumphepo siikoka moto wambiri, ndiye ngakhale waya wodwala amakwanitsa. M'madzi, komanso pa nthawi yodzuka kuchoka poima, mota imafuna moto wochuluka, ndipo paliponse pomwe magetsi akudutsa movutikira pamadya gawo lake. Batire lodzaza limakhala pa 8.4V. Ku mota ya kumanja kunkafika pafupifupi 7.6V, ku ya kumanzere mphamvu inkaperewera ndi volti yathunthu poyerekeza ndi ya kumanja. Patatha mphindi imodzi anandiuza kuti ndikhudze mapulagi. Ya kumanja inali yozizira, ya kumanzere yofunda ngati dzira longoikiridwa kumene. Titaisuzumira ndi tochi, tizitsulo ta m'kati tinali tobiriwira ndi dzimbiri. Pulagi imeneyo imakhala pansi penipeni, pomwe madzi a supuni imodzi aja ankadikha.

Tinadula pulagi yonse ndi kachidutswa ka waya komwe kanali katada m'kati, tinawotcherera yatsopano, n'kuvundikira ndi heat shrink, kachubu ka pulasitiki komwe kamafinya waya ukakatenthetsa. Kalabala ka pa shafuti ndinasintha, ndipo m'chubu chomwe shafuti imadutsamo ndinadzazamo girisi wa maboti, wosasungunuka ndi madzi. Kuzengereza kunatheratu tsiku lomwelo.

Koma phuma langa lija linali lisanamalize kundilipiritsa. Tsopano kumanzere kunali mota yatsopano, kumanja yakale ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo boti linayamba kukokera kumanja ndikatsegula moto wonse. Mota zamabulashi zikakalamba sizikoka mofanana ndi zatsopano, ngakhale nambala ikhale imodzi. Ndikanatha kubwezera yakale ija, koma ndinali nditathyola mwendo wake umodzi poichotsa. Ndinagula inanso kuti zikhale zamsinkhu umodzi. Pa boti lopanda chiwongolero, mota mukasintha muzisintha zonse ziwiri, ndipo mapulopela musawasokoneze pomanga, chifukwa pa langali wina amazungulira kumanja wina kumanzere ndipo mapiko ake anapindidwa mosiyana.

Chochititsa manyazi chinachitika mu Meyi ku Roodeplaat. Boti lili patali ndithu, litasenza chimanga chophika ndi mbedza, ndinangomva mota ikulira mokweza ngati udzudzu, boti n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Kutsogolo likuzungulira, kumbuyo likuzungulira. Anthu a m'mbali mwanga anasiya ndodo zawo n'kumaonerera. Mwamwayi bambo wina wa kabwato ka kayak analikoka n'kundibweretsera. Kutsegula, mota ili bwinobwino, koma kasikuluwu kakang'ono ka pa cholumikizira mota ndi shafuti kanali katamasuka. Shafuti ili ndi mbali imodzi yophwatalala pomwe kasikuluwuko kayenera kuluma, ndipo ine pomanga mota yatsopano ndinakamangira pobulungira. Mota inkazungulira yokha, pulopela ili phee. Ndinakamanga pamalo pake ndi Allen key n'kudonthezera threadlock yabuluu, guluu woletsa sikuluwu kumasuka. Yofiira musaike, mudzalira tsiku lofuna kumasula.

Si kukhota konse komwe kumachokera ku mota. Mukadzaza chipinda chimodzi cha nyambo china chili chopanda kanthu, boti limapendekeka ndipo limakhota. Mphepo yowomba m'mbali imachitanso chimodzimodzi. Ndipo m'nyengo yozizira ino, m'mamawa kukakhala chisanu, batire limafooka msanga, ndiye ndimalisunga m'thumba la jekete mpaka nthawi yoponya boti.

Masiku ano ndikangofika kunyumba ndimatsegula chivundikiro kuti m'kati muume, ndimamasula mapulopela onse kuona ngati kuseri kuli chingwe, ndipo kamodzi pamwezi ndimawonjezera girisi. Trim ndinaibwezera pakati ndipo ndimaitenga ngati mlonda: tsiku lomwe boti lapempha kudina kopitirira kawiri, ndimadziwa kuti kuli kanthu, ndipo ndimayamba ndi pulopela, kenaka kusinthanitsa mapulagi, chikwama cha ndalama chili chotseka.

Kodi ndingaligulenso? Thupi lake ndi lolimba, lagundapo miyala osang'aluka. Rimoti sinatayepo boti pa mtunda womwe ine ndimawedza. Zipinda za nyambo zimatseguka nthawi zonse. Pomwe opanga anaumira ndi pa mawaya, mapulagi ndi kalabala ka pa shafuti, tinthu totchipa tomwe tili pamalo ofikira madzi. Munthu amene saopa kutsegula boti ndi kugwira chowotcherera, kapena ali ndi mnzake wodziwa zamagetsi, angaligule ndipo limutumikira. Wofuna kungotchaja n'kuponya chaka chonse osatsegula m'kati awonjezere ndalama agule lina.

Chimodzi chatsala chomwe sindinachithetse. Pobwerera m'mbuyo, mota ya kumanja imadzukabe kamphindi pang'ono patsogolo pa inzake. Tasinthanitsa mapulagi, ndipo khalidweli limatsatira mbali ya ESC, osati mota. ESC yake inamatidwa pa bolodi limodzi ndi cholandirira uthenga wa rimoti, ndiye kuisintha n'kusintha bolodi lonse ndi rimoti yomwe. Popeza m'mbuyo ndimangobwerera mita imodzi kapena ziwiri pothawa namasupuni, ndalisiya choncho.