Masamba ofiira kapena amawanga oyera: oyenera kudzala pakhomo ku Thyolo ndi ati?

Kwa ogulitsa mbande ku Thyolo mumapeza maluwa a masamba ofiira ndi ena amawanga oyera. Onse ndi okongola, koma kapangidwe kawo ka chakudya n'kosiyana.

Tsamba lofiira lili nayo ndithu chlorophyll, chinthu chobiriwira chija chimene chimakola kuwala kwa dzuwa kuti chomera chisandutse madzi ndi mpweya wa carbon dioxide kukhala shuga. Kungoti imabisika ndi utoto wofiira, umene m'zomera zambiri ndi anthocyanin. Mukaliwiritsa tsambalo, utoto uja umasungunukira m'madzi, kubiriwira n'kuonekera. Utotowu umatchingirizanso tsamba dzuwa likanyanya. Onani masamba anthete a mango: amayamba ofiirira, kenako n'kubiriwira akakhwima. Chomera chofiira chimakula bwinobwino padzuwa, koma mukachiika pamthunzi wa nthochi kufiira kumazilala.

Amawanga oyera ndiye ovuta. Poyerapo palibe chlorophyll n'komwe, choncho sipapanga chakudya, pamangodya za mbali yobiriwira ngati mlendo wosagwira khasu. Amakula mochedwa, ndipo dzuwa la Okutobala limawaula mawangawo mpaka kuuma m'mphepete. Nthambi yobiriwira yokhayokha ikaphuka iduleni msanga, apo ayi imapitirira zinzake n'kulanda chomera chonse.

Pampanda wa kumsewu ine ndingasankhe ofiira. Amawanga aikeni pakhonde pofika dzuwa la m'mawa lokha, koma pasakhale pamdima, chifukwa chiperoni chikaphimba kumwamba ndiwo amayamba kuperewedwa kuwala.