Kuchoka ku South Bend kupita ku Niles: inshuwalansi inakwera kawiri, fomu yofunika osandionetsa

Kampani iyi ya inshuwalansi ya galimoto ndakhala nayo zaka 7 ku Indiana, Corolla imodzi, popanda ngozi kapena tikiti, ndipo za nthawi imeneyo ndilibe dandaulo. Chandilembetsa ndi zimene anachita nditasamukira ku Niles, Michigan, ulendo wa mphindi 20 zokha kuchoka ku South Bend, Indiana. Ndinkalipira $94 pamwezi. Bilu yoyamba ya ku Michigan inabwera $207. Galimoto yomweyo, woyendetsa yemweyo, ngakhale msewu wopitira ku ntchito ndi womwewo.

Ndinawaimbira foni kutatsala masabata awiri kuti ndisamuke. Mayi amene anandiyankha anati, "Musadandaule, tingosintha adiresi basi." Mawu amenewo ndi amene akundipwetekabe mtima, chifukwa si zoona, ndipo munthu wogulitsa inshuwalansi m'malire a zigawo ziwirizi sangalephere kudziwa. Policy, kutanthauza pangano la inshuwalansi, ya ku Indiana siwoloka malire. Imatsekedwa, n'kulembedwa ina yatsopano motsata malamulo a Michigan, ndipo malamulo awiriwa ndi osiyana kutalitali. Ku Indiana wolakwa pa ngozi ndiye amalipira, ndipo lamulo limafuna $25,000 pa munthu mmodzi wovulala, $50,000 pa ngozi yonse, ndi $25,000 pa katundu. Ku Michigan, kuyambira 1973, aliyense amalipiriridwa zachipatala ndi inshuwalansi yake, kaya walakwa kaya sanalakwe. Gawo limenelo amalitcha PIP, ndipo ndi limene limakweza mtengo.

Apa ndi pamene anandilakwira kwenikweni. Lamulo limene Bwanamkubwa Gretchen Whitmer anasaina mu May 2019, n'kuyamba kugwira ntchito mu July 2020, linapatsa oyendetsa mwayi wosankha malire a PIP. Mukhoza kutenga yopanda malire, ya $500,000, kapena ya $250,000. Ya $50,000 ndi ya amene ali pa Medicaid, thandizo la boma la zachipatala kwa opeza zochepa, ndipo amene ali ndi Medicare, inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya okalamba ndi olumala, gawo A ndi B angathe kuikana yonse, bola ena onse a m'nyumbamo akhale ndi chitetezo chovomerezeka. Pali fomu yake yosankhira, yofunika kuisaina. Mukapanda kusaina, lamulo limakuikani pa yopanda malire, yomwe ndi yodula kuposa zonse. Fomu imeneyi anaiponya pakati pa mulu wa masamba mu imelo, popanda ndi mmodzi yemwe wondiuza kuti ilipo kapena kuti kuisiya kuli ndi mtengo wake. Chimodzimodzinso gawo lolipira anthu amene mwawavulaza: mukapanda kusaina fomu ina, amakuikani pa $250,000 ndi $500,000, pamene lamulo limalola kutsika mpaka $50,000 ndi $100,000.

Chimene chinandikwiyitsa kopambana ndinachiona pa tsamba loyamba la policy, pamzere wa collision, gawo lokonzetsa galimoto yanu ikachita ngozi, pomwe panalembedwa liwu limodzi lokha: limited. Pa gawo lodula anandiika pamwamba penipeni, koma pa gawo loteteza galimoto yanga anandiika pansi penipeni, osandifunsa. Amene simunakhaleko ku Michigan mvetsani bwino apa. Collision kuno ili mitundu itatu. Ya limited imakonzetsa galimoto yanu pokhapokha ngati kulakwa kwanu sikupitirira theka. Kukapitirira, simulandira ndi senti yomwe. Ya standard imalipira kaya mwalakwa kaya ayi, koma deductible, ndalama yoyambirira ya m'thumba mwanu kampani isanalipire yotsalayo, mumatulutsa ndinu nthawi zonse. Ya broad imalipira zonse, ndipo ngati kulakwa kwanu sikupitirira theka, deductible amakukhululukirani. Ku Indiana wina akakugundani kumbuyo pa maloboti, inshuwalansi yake imakonza galimoto yanu. Ku Michigan ayi. Chimene mungapeze kwa wolakwayo ndi mini-tort, chipukuta misozi chochepa cha kuwonongeka kwa galimoto yanu, chomwe malire ake ndi $3,000, ndipo masiku ano bampala, nyali ndi chitseko chimodzi zimatha ndalama imeneyo msanga. Kupatulapo kwake ndi galimoto yoimikidwa bwino pamalo oyenera: imeneyo ikagundidwa, inshuwalansi ya wogundayo imalipira kudzera m'gawo la katundu, lomwe limafika $1 miliyoni. Choncho kwa milungu itatu ndinkayenda pa chipale cha January ndi chitetezo chimene sindinasankhe, ndikuganiza kuti ndili monga ndinalili kale.

Nditaimbanso, ndinadikira mphindi 40 pafoni, kenako bambo wina anandiuza kuti zonse zinali m'mapepala amene ananditumizira. Inde zinalimo. Koma ntchito ya ejenti ndi chiyani ngati si kuuza kasitomala kuti, tsamba ili musalidumphe? Anandichotseranso kuchepetsa mtengo kumene ndinkalandira chifukwa chokhalitsa nawo, ati kompyuta inandiona ngati kasitomala watsopano. Zaka 7 zonse zija zinafufutika chifukwa cha nambala ya policy yatsopano.

Koma ndinene chilungamo, si ndalama yonse yowonjezekayo imene ili mlandu wa kampani. Nditakhala pansi ndi pepala lija mzere ndi mzere, ndinaona kuti gawo lalikulu likanakwera ngakhale ndikanapita kwina kulikonse. Galimoto iliyonse ku Michigan imalipira chopereka cha MCCA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1978 kuti lizibweza ndalama ku makampani pa ngozi zoopsa, za anthu ofunika chisamaliro moyo wonse. Choperekachi chimasintha chaka ndi chaka pa 1 July: chinali $220 lamulo latsopano lisanayambe, chinatsika kufika $100 kwa a PIP yopanda malire mu 2020, ndipo mu 2023 chinali $122 kwa a PIP yopanda malire ndi $48 kwa ena onse. Ndalama imeneyo kampani imangotolera. Komanso kuchepetsa kumene lamulo la 2019 linalamula, 10 peresenti pa yopanda malire, 20 pa $500,000, 35 pa $250,000 ndi 45 pa $50,000, kumakhudza gawo la PIP lokha, osati bilu yonse, ndipo ndi kwa avereji ya makasitomala onse a kampaniyo, osati lonjezo kwa inu panokha. Ambiri amakhumudwa chifukwa chosadziwa zimenezi.

Amene anakonza zinthu ndi mtsikana wina wa ku ofesi yawo ya kuno ku Michigan, wachitatu kulankhula naye. Iyeyu ntchito amaidziwa. Anandifunsa kaye ngati inshuwalansi ya zachipatala ya kuntchito kwanga imalipira ovulala pa ngozi za galimoto, funso limene awiri oyamba aja sanafunse. Izi n'zofunika chifukwa mapulani ena a zachipatala ku Michigan salipira ngozi za pamsewu, ndipo kuti muchotse PIP pa munthu wa m'nyumba mwanu mumafunika kalata yochokera kwa a zachipatalawo yotsimikizira kuti pulaniyo ndi yovomerezeka. Anandifotokozera kuti kutsitsa PIP si nkhani yongothamangira: munthu wothyoka msana amatha $250,000 asanatuluke n'komwe m'chipatala chophunzitsiramo kuyenda, ndipo inshuwalansi wamba ya zachipatala nthawi zambiri silipira wosamalira wodwala kunyumba kapena kukonza nyumba kuti njinga ya olumala ilowe. Anandilangizanso kuti gawo lolipira ovulazidwa ndisalitsitse, chifukwa kuyambira 2020 munthu amene PIP yake yatha angakusumireni ndalama zachipatala zotsalazo. Tinagwirizana PIP ya $500,000, collision ya broad ndi deductible ya $1,000, ndipo anabwezeretsa zaka zanga zija. Bilu inakhazikika pa $171. Ndi yokwerabe, koma tsopano ndikudziwa chimene dola iliyonse ikugula.

Kwa abale athu ambiri a ku South Bend amene mukukopeka ndi nyumba za ku Niles, Buchanan kapena Edwardsburg, pemphani mtengo pogwiritsa ntchito adiresi yatsopanoyo musanasaine lendi, kwa makampani osachepera atatu, ndipo muwauze onse malire ofanana kuti muyerekeze zinthu zofanana. Policy ya Michigan iyambe tsiku lomwe ya Indiana ikutha; mpata wa tsiku limodzi lokha umaoneka m'mbiri yanu ndipo umakweza mtengo. Tengani kalata yosonyeza zaka zimene mwakhala ndi inshuwalansi mosadukiza. Ku ofesi ya Secretary of State, komwe kuno amalembetsa magalimoto m'malo mwa BMV ya ku Indiana, sangakupatseni nambala ya Michigan popanda umboni wa inshuwalansi ya Michigan. Khadi la Indiana salandira. Ndipo chonde, maganizo osunga adiresi ya msuweni ku Indiana kuti muzilipira zochepa asiyeni. Galimoto imawerengedwa komwe imagona usiku. Pakachitika ngozi yaikulu amafufuza, ndipo akapeza kuti munanama adiresi angathe kufafaniza policy yonse ngati sinakhalepo. Ngakhale amene si nzika ya chigawochi, galimoto yake ikakhala ku Michigan masiku opitirira 30 pachaka, lamulo limafuna inshuwalansi ya kuno. Kuyendetsa popanda iyo ndi mlandu wa chindapusa cha $200 mpaka $500, kapena ndende mpaka chaka.

Popereka nyenyezi ku kampaniyi, ndinayamba ndi nyenyezi imodzi, ndikusiya zitatu, ndipo ziwiri mwa izo ndi za mtsikana uja. Ndalama ya milungu itatu imene ndinalipira PIP yomwe sindinasankhe anakana kubweza, ati chitetezo chinalipo ndithu masiku amenewo. Dandaulo langa ndalitumiza ku DIFS, nthambi ya boma yoyang'anira inshuwalansi ku Michigan, ndipo policy ikamatha miyezi 6 ndidzafunsa mitengo kwina ndisanawonjezere.