Clomiphene kwa mwamuna: mmene zandiyendera chiyambireni kumwa

Mnzanga wina wa ku Area 25 anandiimbira sabata yatha. Akuti kujimu kwawo kuli mnyamata wogulitsa jakisoni wa testosterone, homoni ya chimuna, ndiye amafuna kudziwa ngati ndi yemweyo amene ine ndimabayitsa. Iye ndi akazi ake akufuna mwana wachiwiri. Ndinamuuza kuti ine sindibayitsa kalikonse, ndimamwa mapiritsi a clomiphene, ndipo chaka chatsala pang'ono kukwana.

Vuto langa linali kutopa, kusinza pa desiki masana, ndi chilakolako cha kuchipinda kungoti zii. Gondolosi ndinatafuna mpaka nsagwada kulema, osaphula kanthu. Adokotala anandiyeza magazi m'mawa isanakwane 10 koloko, pa masiku awiri osiyana, poti testosterone amakwera m'mamawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Konseko anapezeka pansi pa 300 ng/dL, kusonyeza kuti ndi wochepa. Atamva kuti kunyumba tikudikirabe mphatso, za jakisoni anakaniratu. Testosterone wochokera kunja akadzaza m'magazi, ubongo umayesa kuti zakwana, ndiye kachiwalo kotchedwa pituitary kamasiya kutulutsa LH ndi FSH, mahomoni amene amatuma machende kupanga testosterone ndi mbewu. Bambo amaoneka wadzitho, koma mbewu zikuchepa, kwa ena mpaka kutheratu. N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anayesapo jakisoniyu ngati njira ya kulera ya abambo cha mu 1990. Munthu akasiya, mbewu zimatenga miyezi kuti zibwerere, ena chaka kapena kuposa apo. Clomiphene amachita zina: amaphimba ubongo kuti usamve estrogen, homoni ya chikazi imene abambonso amakhala nayo pang'ono, iwo n'kutulutsa LH ndi FSH wambiri, machende n'kumagwira okha ntchito.

Zabwino zilipo. Tulo ta masana tinatha, kuchipinda kunabwerera mwakale, testosterone anakwera. Umuna tinakayezetsa patatha miyezi itatu, chifukwa mbewu zimafuna masiku pafupifupi 74 kuti zikhwime, ndipo zinapitirira 16 miliyoni pa ml, umene ndi mlingo wotsikitsitsa wa mbewu zokwanira malinga ndi WHO mu 2021. Pakati sipanaimebe, koma sindingawanamizire mankhwala.

Chimene sichinandisiye ndi mtima wapachala. Ine ndine munthu woti kondakitala akandibera chenji ndimangoseka. Koma tsiku lina madzulo, pamndandanda wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town, wakabaza wa njinga yamoto anakhudza pang'ono galasi langa la m'mbali. Silinasweke, linangopindika. Ndinatsika, kusiya chitseko pululu, n'kumuthira mawu mnyamatayo mpaka amayi ogulitsa nthochi anayamba kuti "bambo, mukhululukireni, ndi mwana uyu." Nditabwerera m'galimoto manja akunjenjemera, misozi inalengeza popanda chifukwa. Sabata yomweyo nsonga za mawere zinayamba kuwawa malaya akakhudza. Adokotala anayeza estradiol, mtundu wa estrogen, n'kupeza kuti wakwera, poti gawo lina la testosterone limasanduka estrogen m'thupi. Anandichepetsera mlingo, theka la piritsi n'kumadumphitsa tsiku. Mawere anasiya, koma kapsamtima kamabwerabe apa ndi apo, ndipo mayi akunyumba ndiwo amakaona msanga kuposa ine. Anandichenjezanso kuti maso akayamba kuona mbuu kapena kuthwanima, ndisiye kumwa tsiku lomwelo n'kubwerako. Zimenezo sizinandichitikire.

Tsopano za ndalama, zimene zimandisintha maganizo mwezi ndi mwezi. Inshulansi ya kuntchito inakana kulipira, akuti za kubereka si gawo lawo. Mapiritsiwa ndi a 50 mg, opangidwira amayi amene amamwa masiku asanu okha pamwezi kuti dzira likhwime, choncho mafamase amasunga timabokosi towerengeka. Mwamuna womwa mosalekeza amawathera sitoko. Pa famase imene ndimagula, mtsikana wa pakauntala amafunsa mokweza anthu ali pamzere kuti "ndi a madamu eti?" Ulendo uliwonse bokosi ndi la kampani ina, mtengo nawonso wina. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yankho la chilichonse ndi lakuti foreksi yavuta.

Mwezi wathawu ndinalipiriratu mabokosi atatu kuti andiitanitsire. Anabweretsa awiri, limodzi deti yake yotha ntchito ili pafupi. La chitatu akuti "likubwera, bwana," ndalama sabweza. Ndinafunsako za jakisoni wa hCG, amene nayenso sapha mbewu chifukwa amagwira ntchito ngati LH, koma ndi wodula kwambiri ndipo akasungunulidwa amafuna firiji, pamene kwathu magetsi amathima osatsanzika.

Mankhwalawo ndipitiriza malinga adokotala akundiyezabe magazi. Famaseyo akangondipatsa bokosi langa, ndikukasaka kwina.