Chikopa cha bison ndi zopalira zake: nyenyezi zitatu basi

Ndiyambe ndanena kuti chikopacho pachokha chinalibe vuto, chinafika chabwinobwino, chopanda mabowo a mpeni, chosanunkha. Nyenyezi ziwiri ndachotsa pa zisanuzo ndi za kampeni kopalira komanso mawu omwe ogulitsa analemba pa tsamba lawo la pa intaneti akuti ngakhale munthu woyamba kumene atha kufufuta m'masiku atatu. Masiku atatu eti? Ine zinanditengera masabata 7 ndipo theka lina likadali mufiliji mpaka pano.

Ndimakhala ku South Dakota ku America, chaka chachisanu chino. Seputembala watha tinapita ndi madamu ku Custer State Park kukaonera tsiku lija amakusa ma bison oposa 1,000 anthu ali pa mahatchi, fumbi kobo, pansi kuchita kunjenjemera. Kwa amene simunaionepo nyamayi, kuno amangoti buffalo koma si njati yathu ija ya ku Liwonde kapena ku Majete ai, iyi ili ndi linunda lalikulu, ndevu, ubweya wambirimbiri kutsogoloku, yamphongo imafika makilo 900. Pobwerera kunyumba ndinakumbuka agogo anga ku Ntcheu mmene ankafufutira zikopa za mbuzi pansi pa mtengo wa mango, kupala, kupaka mafuta, kufikisa ndi manja uku akucheza, ndiye ndinati aaa inenso magazi ake ndi omwewo, ndiyesa. Ndinaoda pa intaneti kwa anthu ena oweta ma bison, dzina sinditchula, $220 zonse pamodzi: chikopa chosafufuta choumitsa mufiliji, mpeni wautali wa zigwiriro ziwiri, kopalira kakang'ono kopindika, kabotolo ka mafuta ndi kabuku ka masamba 8.

Chomwe ndinkafuna ndi buckskin, kutanthauza chikopa chochotsa ubweya wonse ndi kakhungu kosalala ka pamwamba kaja, chimatsala chofewa ngati bulangete mbali zonse ziwiri, mpweya umadutsa, umatha kusoka ndi manja. Osati chouma gwa ngati cha ng'oma.

Bokosi litafika ndinalephera kulinyamula ndekha, ndi pomwe ndinayenera kuzindikira kuti pali nkhani. Chitasungunuka ndikuchitambasula chinadzadza galaja, galimoto inagona panja mwezi wathunthu. Pakhosi ndi palinunda kukhuthala kwake ngati chala changa chaching'ono. Anali atanditumizira cha yamphongo. Pa tsamba lawo sanalembe kuti cha yamphongo kapena yaikazi ndipo ine sindinadziwe kuti ndifunse, pano ndikudziwa kuti wofuna chofewa amapempha cha yaikazi kapena ya nyama yaing'ono, chomwe ndi chopyapyala.

Mpeni wautali uja ndiwuyamikire, ndi wabwino kwambiri. Ndi wobuntha dala, umayala chikopa pa chipika chosalala (ine ndinagwiritsa ntchito paipi yaikulu ya pulasitiki), kuchipanikiza ndi mimba nkumakankha mnofu ndi mafuta otsalira. Zigwiriro sizipweteka m'manja, sunachite dzimbiri ngakhale ndinauiwala panja kawiri. Masiku awiri ndinali nditamaliza mbali ya mnofu. Uwu wokha ndikanaupatsa nyenyezi zisanu.

Kenako kuchotsa ubweya. Kabuku kamati muviike chikopa m'madzi a phulusa kapena a laimu, ine ndinaseka ndekha poti ichi ndi chidulo chomwe mayi amachezera thelere, kusiyana kwake apa umafunika dilamu yathunthu. Phulusa ndinapempha kwa aneba omwe amaotha nkhuni. Poyesa ngati chakwana mphamvu umaponyamo dzira laliwisi, likayandama nkuonekera pang'ono pamwamba ndiye kuti zili bwino, likamira wonjezera phulusa. Valani magolovesi abale, chidulo cha mphamvu choncho chimadya khungu, ine chinandisupula pamkono pomwe magolovesi anathera. Kabuku kamati masiku atatu kapena anayi ubweya uyamba kuthothoka. Kumimba unathothokadi koma palinunda unakana mpaka tsiku la 9, kunja kunali kutazizira kale ndiye zimachedwa. Apa ndi pomwe ndinatulukira kuti kabukuka analembera chikopa cha gwape, anangosintha dzina la nyama pachikuto. Pa tsamba 5 mpaka anaiwala kufufuta mawu akuti deer. Mxii.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena achi Lakota (mtundu wina wa eni nthaka a kuno) omwe timapemphera nawo. Anamva madamu akudandaula za fungo la mugalaja, Loweruka anatulukira ndi mdzukulu wawo. Anayang'ana chikopacho, anandiyang'ana ine, nkuseka kaye nthawi yaitali. Anati mwana wanga chiduleni pakati kutsata msana, makolo awonso zikopa zikuluzikulu ankazigawa pawiri nkudzazisoka pambuyo pake ndi mitsempha. Anandionetsa chopalira cha agogo awo, amachitcha wahintke, chogwirira chake ndi nyanga ya elk (gwape wamkulu wa kuno) yopindika ngati kakhasu, kutsogolo anamangirirako kachitsulo. Ntchito imeneyi kwawo inali ya amayi, ndipo tenti imodzi ya tipi inkadya zikopa zoposa 10. Ine chimodzi chokha ndinali nditayamba kale kumwa mankhwala a msana. Anandiuzanso pang'ono za mmene nyamazi zinathera, zinali mamiliyoni ambirimbiri koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 zinatsala mwina 1,000 zokha, azungu ankazipha nkungosenda chikopa nyama nkuisiya iwole, zikopa zambiri zinkakapangidwa malamba oyendetsera makina m'mafakitale. Sanakweze mawu pokamba zimenezi, ine ndinangoti zii mpeni uli m'manja.

Nditachidula, theka lina ndinalibweza mufiliji, linalo ndinapala ubweya ndi kakhungu ka pamwamba kaja, apa osathamanga chifukwa paliponse pomwe kakhungu katsalira mafuta salowa ndipo pamadzauma ngati lata. Ndinachitsuka masiku atatu kusintha madzi, komaliza ndinathiramo viniga pang'ono kuti chidulo chithe mphamvu, chikopa chikasiya kuterera ndi kutupa ndiye kuti chatsukika. Ndiye ndinachikunga pa fulemu ya matabwa ndi zingwe kuti chiume, kuti ndiyambe kuchisema chipyapyale.

Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Kusema chikopa chouma kumafuna kopalira kakuthwa ngati lezala, kazichotsa timapalepale ngati mmene amachitira kalipentala pa thabwa. Kawo kaja chitsulo chake ndi chofewa, mphindi 10 kabuntha, unole, mphindi 10 kabunthanso, tsiku lonse ndimangokhalira kunola kuposa kupala, ndipo tsiku lachitatu chogwirira chinayamba kugwedera poti anangomangira ndi kasikuluwu kamodzi. Kanaterereka nkuboola chikopa pafupi ndi mwendo, bowo lolowa zala ziwiri. Ndinakataya pakona, mnzanga wina wowotcherera zitsulo anandisulira china kuchokera ku tupa yakale, chimenecho ndi chomwe chinamaliza ntchito. Palinunda ndinasema pafupifupi theka la kukhuthala kwake. Mumadziwa kuti zafika mukaika tochi kuseri kuwala nkumaonekera mofanana paliponse.

Kabotolo ka mafuta kaja mwina kangakwane chikopa cha kalulu. Njira yeniyeni ndi ya bongo, mafuta a mu bongo amasakanikirana ndi madzi ndiye amalowa mpaka mkati mwa ulusi wa chikopa. Bongo wa gwape kapena elk musaukhudze kuno kamba ka matenda a bongo a nyamazi otchedwa CWD, ine ndinagula wa nkhumba ku butchala, kilo imodzi ndi theka, ndinauwiritsa pang'ono nkuupera mu blender ya madamu. Nkhani ya blender ija sinathe mpaka lero, ndinagula ina koma imatulukabe tikangosemphana pang'ono kkkk. Umasungunula m'madzi ofunda oti dzanja likhoza kupirira, akatentha kwambiri chikopa chimapsa nkukhwinyata, ukatero wataya zonse. Kuviika usiku wonse, kufinya pokulunga pa mtengo nkupotokola ndi ndodo, kuviikanso. Ka gwape akuti kamodzi kapena kawiri zatheka, ichi ndinabwereza kanayi, bongo utatha ndinawonjezera ma yolk a mazira 24 ndipo amagwiranso ntchito bwinobwino.

Tsiku lofewetsa ndi lomwe limasiyanitsa anthu. Chikopa chikamauma uyenera kumachikoka ndi kuchikankha osaleka mpaka chiumiretu, ukangopuma chikadali ndi kachinyezi ulusi umamatirirana chimauma gwa, ubwerere ku bongo. Ndinayamba 7 koloko m'mawa ndi mpini wa nkhwangwa wosongola ngati nkhafi, kukankha ndi thupi lonse chili pa fulemu, mdzukulu wa agogo aja anandithandiza masana, tinamaliza cha m'ma 9 usiku. Kambali ka pakhosi kanaumabe, ndinakabwereza sabata yotsatira. Nzeru imodzi yomwe kabuku sikananene: mukatopa chikulungeni mu pepala la pulasitiki muike mufiliji yoziziritsa kwambiri, mudzapitiriza tsiku lina pomwe munalekezera.

Koma abale chikafewa chimakoma, choyera mbee, chotambasuka, ukachigwira sufuna kuchisiya. Chotsala ndi utsi. Ndinachisoka ngati thumba, kumunsi ndinalumikiza mwendo wa jinzi yakale kuti chitalikirane ndi moto, mu ndowa ndinaika makala pang'ono ndi nkhuni zofumbwa za cottonwood zomwe zimangofuka osayaka. Osachoka pamalopo olo mphindi imodzi, lawi likangobuka masabata onse aja apita. Maola atatu mbali imodzi, kutembenuza, maola awiri mbali inayo, chinatuluka mtundu wa tiyi wothira mkaka pang'ono. Utsiwu si wa mtundu wokha ai. Ndinayesa tizidutswa tiwiri, kofukiza ndi kosafukiza, ndinanyowetsa tonse nkuyanika, kosafukiza kanauma ngati chikwapu pomwe kofukiza ndinangofikisa pang'ono kanabwerera mwakale.

Ndinawalembera ogulitsawo za kopalira ndi za kabuku. Anayankha mwaulemu tsiku lomwelo, anabweza $25 ya kopalira, pa za kabuku anangoti tiona. Ndaonanso dzulo pa tsamba lawo mawu a masiku atatu aja akadalipo.

Ndiye ngati mukufuna kugula, chikopa gulani, amasenda bwino anthuwa, koma muwaimbire foni munene kuti cha yaikazi, ndipo ngati alola tengani theka lokha. Mpeni wautali tengani. Kopalira, kabotolo ndi kabuku asiyireni. Amene muli m'mafulati musayerekeze nkomwe, alandilodi akuthamangitsani sabata yoyamba. Theka lomwe ndinamaliza ndadulako kale nsapato za agogo aja, akundiphunzitsa kasokedwe kake Loweruka lililonse, ndipo akuti misoko yanga ikadali ya mwana. Theka linalo madamu andipatsa mpaka pa 15 Disembala, akuti nkhuku za Khirisimasi zilibe pogona.