Mlangizi wa khalidwe la ana wobwera pakhomo: momwe mungadziwire wodziwa ntchito

Makolo ambiri a ku Malawi amene ali ku Johannesburg amamva za ntchitoyi mwana akachedwa kuyankhula kapena akapezeka ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi ena), kawirikawiri atapimidwa kuchipatala cha Rahima Moosa kapena cha Charlotte Maxeke. Kuchipatala cha boma kudikira kumatalika, ndiye ena amalemba mlangizi woti azibwera pakhomo, ndipo ambiri mwa alangiziwa amatsata njira ya ABA (Applied Behaviour Analysis), yosintha khalidwe la mwana poona chimene chimaliyambitsa ndi chimene chimatsatira. Ndi ntchito yothandiza zedi ikagwera m'manja oyenera.

Wodziwa ntchito safika n'kuyamba kuphunzitsa. Masiku oyamba amakhala pambali ndi kope, kulemba zinthu zitatu: chachitika n'chiyani mwana asanayambe kuvuta, wachita chiyani, nanga akuluakulu atani pambuyo pake. Titenge mwana wa zaka 4 amene amaponya kapu pansi n'kukuwa, amayi n'kuthamanga kukamutungira madzi. Mwanayu si wamwano ayi, waphunzira kuti kapu ikagwa madzi amabwera. Mlangizi amamupatsa njira ina yopemphera: kakhadi ka chithunzi cha kapu, motsatira PECS, njira yopemphera zinthu ndi zithunzi imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa mu 1985. Akaika kakhadiko m'dzanja la amayi, madzi afike pomwepo, pasanathe masekondi 3. Mukati "dikira ndiphule kaye nsima", mwanayo sagwirizanitsanso khadi ndi madzi.

Ambiri amagwa mphwayi masiku oyambirira, chifukwa kukuwa kumayamba kwakula kaye. Mwana amakhala akukakamira njira yakale ija. Azakhali akamumvera chisoni n'kumupatsa madzi ali pakati pokuwa, aphunzira kuti akuwe mokweza kuposa kale. Choncho aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale amene mumagawana nawo lendi, mlangizi awafotokozere. Mlangizi amene amangodzitsekera ndi mwana ola lathunthu osaphunzitsa makolo akukudyerani ndalama.

Nkhani ya chiyankhulo ndiye imandikhudza. Alangizi kuno amayankhula Chingerezi, Chizulu kapena Chisutu, pomwe pakhomo ndi Chichewa kapena Chiyao. Musataye chiyankhulo chanu. Wabwino amalemba mawu a pakhomo, "madzi", "bwera", "basi", n'kuwagwiritsa ntchito iye mwini.

Musanalipire, funsani mapepala. HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo ku South Africa, imalembetsa akatswiri a zamaganizo ndi othandiza ana kuyankhula, koma a ABA alibe kaundula wawowawo kumeneko, ndipo bungwe la ku America la BACB, limene limapereka masatifiketi a ABA, linasiya kulandira ofuna satifiketi okhala ku South Africa kuyambira Januwale 2023. Ndiye funsani kuti anaphunzira kuti, ndipo amamuyang'anira ndani. Wokuletsani kuonerera, wogwira manja a mwana mwamphamvu chifukwa akuwakupiza, kapena wolonjeza kuchiza autism, mutsanzikeni tsiku lomwelo. A Autism South Africa angakulozereni kolowera. Pa mtengo, mumvane ngati ndi wa pa ola ndiponso ngati thiransipoti ili momwemo, ndipo mwezi ukatha akuonetseni m'kope kuti kapu ija inkagwa kangati patsiku, nanga lero ikugwa kangati.